Ulendo Uno Sindisesa

4 Seputembala

Okondedwa Ababa ndi Amayi,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko. Bondo la Amayi likupeza bwanji? Ife kuno tilipo. Mdzukulu wanu Kanyerere akusewera, akudya, shuga akuba monga mwa masiku onse. Kachifuwa kake kaja kakadalipo, koma musadandaule, n'kochepa. Popeza foni ya Ababa inakasambira m'ndowa ndipo mukukana kugula ina, kalatayi ndapatsira kondakitala wa basi ya Lachiwiri uja, amene ankayenda ndi Ababa akadali dalaivala.

Ntchito yosoka ikuyenda mwa apo ndi apo. Sabata ino ndili pa mayunifolomu a sukulu, maso afiira.

Nkhani yaikulu ndi iyi. Ife okhala mu mdadada uno wa nyumba za khonsolo tinatopa kulipira lendi mwezi ndi mwezi popanda chokonzedwa, ndiye tinapanga komiti. Tcheya wathu ndi bambo wometa tsitsi amene ali ndi kashedi pageti. Akayamba kulankhula za ufulu wa anthu amaiwala kuti ali ndi mutu wa munthu m'manja, moti amuna ambiri a kuno akuyenda atametedwa mbali imodzi. Koma ndi munthu wolimba mtima. Anatilumikizanitsa ndi magulu ena: amayi a kumsika amene anawagwetsera mashedi, anzathu oyendera njinga za olumala amene sangathe kukwera masitepe a ku ofesi za khonsolo, ndi a kutsidya kwa njanji amene nyumba zawo zimalowa madzi chaka ndi chaka. Paja mutu umodzi susenza denga. Tayenda ulendo wa ku khonsolo mpaka nsapato kutha zidendene.

Tsopano atiyankha. Akuti ndalama zokonzera nyumba chaka chino zikwanira midadada yochepa chabe, ndiye a Meya ayendera okha malo onse kuti asankhe. Kwathu kuno adzafika pa 25 mwezi uno. Ndipo mwa zipinda zonse za mdadada wathu, komiti yasankha changa kuti ndicho a Meya adzalowemo.

Ngati Ababa alandira penshoni, mundithandizeko kangachepe kogulira penti. Tikuifuna tsikulo lisanafike.

Ndine mwana wanu.


10 Seputembala

Mwana wathu wokondedwa,

Tili bwino, kaya iwe ndi Kanyerere. Wolemba ndine bambo ako, koma mawu ambiri ndi a mayi ako, amene aima kumbuyo kwangaku ngati wapolisi wapamsewu. Bondo lawo lachira tsiku lomwe kalata yako inafika. Anayenda nayo nyumba ndi nyumba, ndipo pano ngakhale agalu a aneba akudziwa kuti a Meya akudzalowa m'chipinda cha mwana wathu.

Akuti ndikuuze kuti wawachotsa manyazi. Akuti ankadziwa kuti mwana amene anamulera okha sangakhale m'tauni osadziwika. Akuti mlendo wotere salandiridwa ndi mwana yekha ngati alibe makolo, choncho abwera pa 23. Ndalama ya penti sititumiza, agula okha zofunika zonse, akuti iwe pa mitundu ya penti sudziwa kusankha.

Dzulo atulutsa sutikesi ya pansi pa bedi. Nsalu yoyera ija, imene anasokapo maluwa ndi manja awo tisanakwatirane, yaona dzuwa. Zaka zonsezi akhala akuisungira mlendo woyenera. Abusa anabwera, sinatuluke. Apongozi anabwera, sinatuluke. Ine amene ndinawakwatira sindinayikepo ngakhale chigongono. Lero yatulukira a Meya.

Tsopano ya chifuwa. Apa mayi ako akuti ndilembe ndi zilembo zazikulu, koma ndikusunga inki. Akuti "kochepa" kameneka wakhala ukukanena kuyambira chaka chatha. Akuti mvula yoyamba ikadzagwa, denga la chipinda chako n'kupezeka likudontha ngati mmene tinamvera kwa anthu, Kanyerere adzabwera kudzakhala ndi ife kuno. Akuti sakupempha, akukuuza. Apita kale kwa akalipentala kukaitanitsa kabedi.

Mayi ako apita kukaona madzi pamoto, ndiye ndinene zanga mwamsanga. Mwana wanga, dalaivala amamva injini ikamabisa vuto. Kalata yako yathamanga kwambiri pamalo pena. Kodi komiti yasankhiranji chipinda chako? Undiyankhe.

Ukapeza mpata unditumizireko mabatire a wailesi, a kuno amatha nkhani zisanathe.

Ndine bambo ako.


15 Seputembala

Ababa ndi Amayi,

Moni nonse. Ndikulemba mothamanga, basi yatsala pang'ono kunyamuka.

Amayi, chonde musabwere. Mukabwera, musatenge penti, musatenge tsache, musatenge nsalu. Ababa anamva bwino injini. Chipinda changa anachisankha chifukwa ndicho choipitsitsa mu mdadada wonse. M'khoma la kumutu kwa bedi mumadutsa paipi yophulika, ndiye khomalo ndi lonyowa chilimwe ndi dzinja, lakuda bii ndi chuku. Pali mng'alu woti dzanja limalowa. Malata anabooka, nthawi ya mvula timagona pakati pa ndowa ndi mabeseni, makina osokera ndimafunditsa pulasitiki. Zimenezi n'zimene a Meya akuyenera kuona, mmene zililimu. Akapeza pabwino atichotsa pa mndandanda wa okonzeredwa. Penti ndinapempha ija ndi yolembera mawu pa nsalu zathu za zionetsero.

Ndinakubisirani chifukwa ndinkaopa zomwe mwanenazo. Kanyerere ndiye amandidzutsa m'mawa pondikoka mphuno. Ndikamasoka amakhala pansi pa makina kutola tizidutswa ta nsalu, akuti akusokera chidole chake diresi la ukwati. Mukamutenga, ine ndizisokera ndani? Ndikudziwa kuti chinyezichi chikumupweteka, n'chifukwa chake ndathera nsapato pa msewu wa ku khonsolo. Ndipatseni mpata dengali likonzedwe.

Mabatire ndawaika mu envelopu momwemu.

Ndine mwana wanu.


24 Seputembala

Mwana wanga,

Ndili bwino, ngati munthu angakhale bwino atamva zimene ndamvazi. Kalata yako ya pa 15 yafika lero. Basi ija inathyoka sipuling'i, yakhala ku galaja sabata yathunthu, ndipo kalata yako inali kupuma m'thumba la jekete la kondakitala. Wabwera nayo akumwetulira, akuti, "Bwana dalaivala, sinatayike." Munthu ameneyu ndinamuphunzitsa ndekha ntchito, ndiye sindingadandaulire wina.

Ndinayamba kuiwerenga nditaima, ndinaimaliza nditakhala pansi. Mayi ako ananyamuka dzulo pa basi ina. Atenga zitini ziwiri za laimu, maburashi, makatani a pabalaza pathu, tsache latsopano, misomali, ndi nsalu ija. Ndinawanyamulira ndekha mpaka ku depoti, ndikuwauza kuti akagwire ntchito yooneka.

Ndinathamangira kwa aneba kuti ndikuimbire, koma nambala yako inali mu foni yosambira ija, m'mutu mwanga mulibe. Pamene kalatayi izikupeza, a Meya adzakhala atabwera ndi kupita. Madzi akatayika saoleka. Undilembere zonse, usandibisire ngati poyamba paja.

Mabatire ndalandira, zikomo. Wailesi ikulankhula koma sindikuimva.

Ndine bambo ako.


28 Seputembala

Ababa,

Moni. Mwafunsa nkhani. Iyi muyambe kuiwerenga mutakhala kale pansi.

Amayi anafika bwino. Ku depoti ndinawafunsa kuti, "Kalata yanga munaiona?" Iwo anati, "Tinaiona, n'chifukwa chake ndabwera." Ine mtima pansi, ndimvekere amva zonse, abwera kudzatithandiza kudandaula. Atalowa m'chipinda anayang'ana khoma, anayang'ana denga, anayang'ana ndowa zili pakona. Anangoti, "Chabwino." Ababa, inu mukumudziwa "chabwino" wa Amayi. Ine ndinali nditamuiwala.

Tsiku la a Meya, a komiti tonse tinalawirira ku khonsolo ndi nsalu zathu kuti tikawatenge, angasochere dala. Tinawadikira mpaka dzuwa kupendeka. Nthawi yonseyo mdadada unali m'manja mwa Amayi.

Mayi wa chipinda choyandikana ndi changa wandifotokozera. Akuti Amayi anatuluka pakhonde atamanga nsalu m'chiuno n'kufuula kuti, "Azimayi inu, munaleredwa kuti? Mlendo wamkulu ali m'njira, inu mwangokhala pakati pa ndowa ngati mukuzigulitsa?" Mayiyo anayesa kufotokoza kuti a Tcheya ati tisakhudze kanthu. Amayi anati, "Wometa tsitsi akuphunzitseni kulandira alendo?" Ndipo kunena zoona, Ababa, azimayiwo manyazi anali nawo kale. Palibe amene ankasangalala poganiza kuti atolankhani adzajambula bafa lathu. Ankangosowa wowayatsira moto.

Ife tinafika madzulo ndi galimoto za a Meya. A Tcheya ankayenda chafutambuyo patsogolo pawo, akuti, "Bwana, limbani mtima, zimene muone pano mwina simudya lero." Kenaka anatembenuka.

Bwalo losesedwa ngati la tchalitchi. Makoma oyera mbee. Maluwa m'zitini pakhomo lililonse, sindikudziwa anawazula kuti. Ngalande yathu yonunkha anaivundikira ndi matabwa n'kuyalapo mphasa, ndipo pamphasapo panakhala ana onse, nkhope zikunyezimira mafuta. M'chipinda mwanga ndinalowa ngati mlendo. Ndowa zonse zili pansi pa bedi. Kudenga anakhomera makatani anu aja. Pa khoma lakuda lija, kuyambira pamwamba mpaka pansi, panali nsalu yoyera ya maluwa, mng'alu uli kuseri.

A Meya anakhala pa mpando wanga wosokera, anamwa tiyi, anawonjezera kapu ina. Anayamikira nsaluyo, Amayi n'kuwauza mbiri ya duwa lililonse. A Tcheya anatambasula dzanja kuti aitukule, Amayi analimenya phaa! "Manja a mafuta a m'mutu pa nsalu yanga?" A Meya anaseka mpaka kupukuta misozi. Potuluka anauza atolankhani kuti, "Ena amangokhala kudikira khonsolo. Anthu awa atisonyeza chitsanzo."

Dzulo mndandanda watuluka. Ife mulibemo. M'malo mwake akuti atipatsa satifiketi ya mdadada waukhondo kuposa yonse.

A Tcheya sanatsegule shedi masiku awiri. Azimayi aja akuyenda moweramitsa mitu, aliyense akuti iye anangogwirako burashi pang'ono. Ine ndinalira, Ababa, ndipo ndinawakalipira Amayi, chinthu chimene sindinachitepo chibadwire. Iwo anangoti, "Ndiye ndikanamulowetsa munthu m'khola?" Sitikulankhulana bwino. Kanyerere akutsokomolabe, ndipo mitambo yayamba kudutsa masana.

Bwezani kalata yanga ija kuti aiwerenge okha. Kunena pakamwa ndikulephera.

Ndine mwana wanu.


6 Okutobala

Bambo a ana,

Muli bwanji? Mukudya? Nkhuku mukuzitsekera? Maluwa anga mukuthirira, kapena mukungowapatsa moni podutsa? Ndalemba ndekha. Zilembo zikakula musaseke, magalasi ndinasiya pamwamba pa kabati.

Ndamva kuti mwana wanu wandinenera. Ine ndikufunseni: ndinalakwa chiyani? Mayi anga anandiphunzitsa kuti umphawi wako ndi wako, mlendo asauone. Inu muli pa ntchito mwezi n'kutha opanda malipiro, ndani anadziwa kuti m'nyumba mwathu mulibe shuga? Ndinkaika botolo la mchere patebulo nditakulunga kansalu, alendo ankangoti zikomo sitimwa wotsekemera. Ndi mmene ndakusungirani ulemu zaka zonsezi, ndipo simunadandaulepo.

Zimenezi n'zimene ndinkafuna kukulemberani sabata yatha. Koma kalata mwabweza ija ndaiwerenga. Ndaiwerenga kawiri, kachiwiriko ndili kuseri kwa bafa kuti mwana asandione.

Ndipo ndagona pafupi ndi khoma limeneli, bambo. Laimu wanga wayamba kale kusupuka. M'mawa bulangeti limakhala lozizira ngati lagona panja. Lachitatu kunachita mitambo, mayi a Kanyerere atapita kukasiya mayunifolomu. Ndinangoona Kanyerere akukwawira pansi pa bedi, n'kuyamba kutulutsa ndowa zija imodziimodzi. Akuti, "Agogo, iyi ndi ya pamutu. Iyi ndi ya pa makina. Beseni ili ndi la pamiyendo, koma likadzaza mumandidzutsa." Mwana wosadziwa kumanga zingwe za nsapato, malo a ndowa akuwadziwa onse. Akulankhula akutsokomola.

Atatuluka ndinatukula nsalu yanga kuti ndione kuseri. Sindikuuzani, mudzaona nokha. Ndinakhala pa bedi n'kudziuza kuti, mayi iwe, dokotala anabwera pakhomo, iwe n'kumudzoza wodwala mafuta kuti aoneke bwino.

Ndinapita kwa wometa uja. Ndinamupeza akunola lumo mopanda kasitomala. Ndinati, "Bambo, dzanja lija ndinalimenya molakwa." Anandipatsa benchi. Si munthu woipa, kungoti salankhula mofupikitsa. Wandiuza kuti satifiketi ija akapereka pa 20, pa msonkhano wa makhansala onse, anthu ndi atolankhani alipo. A komiti akuti anyanyala, sapita. Ine ndawauza kuti ndipita. Mphotoyo ndi yanga, ndinaikhetsera thukuta.

Nditumizireni diresi langa labuluu, nsapato zakuda, magalasi, ndi kandalama ka sopo. Mupereke m'manja mwa dalaivala. Kondakitala wanuyo asakhudzeko ngakhale chingwe chomangira.

Ndine mayi a ana anu.


12 Okutobala

Mayi a ana,

Ndili bwino, ndikudya. Ndaphunzira kukazinga mazira m'njira zitatu: opserera, osapsa, ndi ogwera pansi. Nkhuku zonse zilipo kupatula imodzi imene tinasemphana nayo maganizo. Maluwa ena akupuma.

Katundu yense ndapereka kwa dalaivala monga mwalamula. Kondakitala anafuna kuthandiza, ndinamuuza aike manja m'thumba.

Za botolo la mchere zija ndinkadziwa. Tsiku lina ndinathira mu tiyi masipuni awiri pamaso pa abusa, ndipo ndinamwa yense osakwinya nkhope. Simunandithokozepo.

Akalipentala abweretsa kabedi. Ndi kokongola, akapaka vanishi. Ndakaika m'chipinda chaching'ono, ndipo ndikamadutsa ndimakayang'ana. Sindinama, m'nyumba muno kamwana kangatisangalatse. Koma kalata ya mwana wathu ija inenso ndinaiwerenga, mayi.

Ku msonkhanoko sindikudziwa mukukatani. Chonde musakamenye dzanja la a Meya, penshoni yanga singakwanitse loya.

Ndine bambo a ana anu.


22 Okutobala

Ababa,

Moni, ndipo ulendo uno mutha kuwerenga mutaima, kungoti mugwire khoma.

Amayi atakakamira zopita, anaitanitsa azimayi a mdadada kuseri kwa mabafa. Zimene anapangana sanatiuze. A Tcheya anangopemphedwa kuti aitane magulu onse aja adzadzaze mipando ya anthu wamba, ndipo anatero. Amayi a kumsika anabwera, a kutsidya kwa njanji anabwera. Anzathu a pa njinga tinachita kuwanyamula pa masitepe, njinga ndi munthu yemwe, atolankhani akujambula, alonda akuyang'ana kumbali. Azimayi a kwathu analowa aliyense atanyamula kamtolo kokulunga m'nsalu. Alonda ankaganiza kuti ndi mphatso.

Makhansala anayamba ndi nkhani zawo za misonkho, ife tikuwodzera. Kenaka anaitana woimira mdadada waukhondo. Amayi anadzuka ndi diresi labuluu, magalasi pamphuno, akuyenda ngati bondo silinawawepo. Satifiketi analandira ndi manja awiri, ananyonyomala mwaulemu, anthu n'kuwomba m'manja. A Meya anatembenuka kuti akakhale. Amayi anati, "Pepani bwana, ine sindinaphunzire kupita kwa akuluakulu chimanjamanja. Nanenso ndakutengerani kanthu."

Anawapatsa phukusi lomanga bwino ndi riboni. A Meya anamasula akumwetulira kwa ojambula, n'kutambasula.

Inali nsalu ija, Ababa. Sindinaizindikire. Maluwa onse adyedwa ndi chuku, pakati yakuda ngati chigamba chopukutira mapoto, ndipo mzere wa mng'alu wadindika kuyambira pamwamba mpaka pansi. Fungo linafika mpaka kwa makhansala a kutsogolo, wina anatulutsa mpango.

Amayi sanakweze mawu. Anati, "Bwana, nsalu iyi munaiyamikira mukumwa tiyi. Ndinaisunga yoyera kuyambira ndili mtsikana. Pa khoma lija yakhalapo mwezi wosakwana. Chifuwa cha mdzukulu wanga chagona pa khoma lomwelo zaka ziwiri."

Ndiye anapitiriza. "Tsiku lija simunaone nyumba zathu, munaona manyazi anga. Ndinakulandirani ngati mlendo, pamene munabwera ngati mwini nyumba amene timamulipira lendi. Mubwerenso, bwana. Ulendo uno sindisesa."

Pamenepo azimayi aja anamasula timitolo tawo. Ndowa, mabeseni, mapoto akale, zonse zimene Amayi anabisitsa tsiku lija. Anayamba kuziimba ndi masipuni. Mayi wina wa kumsika anaimirira n'kufuula kuti, "Kwathunso mubwere, koma musatiuze tsiku!" A kutsidya kwa njanji anavomera, holo yonse inatengera. Mlembi wa msonkhano anagogoda tebulo mpaka kutopa.

A Meya anaima ndi nsalu m'manja, kuika pansi osatha, kubweza osatha. Kenaka anaseka, koma osati kuseka kwa tsiku la tiyi kuja. Anati, "Mayi, mwandigwira pakhosi mwaulemu." Khansala wina wachizimayi anapempha kuti mndandanda uimitsidwe, malo onse ayenderedwenso mosalengeza tsiku, pamodzi ndi amisiri a khonsolo ndi nthumwi za magulu athu. Anavota, zinadutsa, ngakhale ena anakweza manja ngati akulemera.

Panja a Tcheya anafuna kuwanyamula Amayi m'mwamba. Amayi anawaloza chala, a Tcheya n'kusiya. Pobwerera m'basi Amayi anandigwira dzanja njira yonse. Nsalu ija anaisiya komweko. Ndinawafunsa ngati sizikuwapweteka, anati, "Inkadikira mlendo woyenera. Yamupeza."

Sitikudziwa tsiku limene abwere, ndipo mndandanda watsopano sunatuluke. Mitambo ikuchuluka. Mutipempherere.

Ndine mwana wanu.


29 Novembala

Bambo a ana,

Muli bwanji? Nkhuku zatsala zingati? Musandiyankhe, ndidzawerenga ndekha.

Mwakhala mukudandaula kuti takhala chete. Tinali pa fumbi, munthu analibe pokhala kuti alembe.

A Meya anabweradi, Lachinayi lina m'mawa, osauza munthu. Anandipeza nditagwira tsache, ndangoyamba kumene pakhonde. Wometa uja anathamanga kuchokera pageti, kasitomala atamusiya ndi thovu kumaso, n'kundilanda tsachelo. Bambo, m'moyo mwanga ndabereka ana, ndaika maliro, koma tsiku lovuta ngati limenelo sindinalione. Mlendo akulowa, zovala zili pachingwe, ngalande ili yasa, mbale zosatsuka zili pakhomo. Ndinakhala pa mpando n'kukhalira manja anga onse awiri. A Meya anaponda madzi a m'ngalande mpaka m'sokosi. Mmisiri wa khonsolo analowetsa dzanja mu mng'alu uja, linatuluka lonyowa. Tiyi sindinawapatse. Mulungu andikhululukire.

Tinalowa pa mndandanda. Akonza denga ndi paipi, khoma aligumula n'kumanganso. Mabafa akuti chaka chamawa, mashedi a amayi a kumsika akuti akukambirana, pa masitepe paja athira simenti mbali imodzi yokha kuti njinga zizikwera. A kutsidya kwa njanji sanawayankhebe, ndiye Lolemba tinakayendanso. Ndinanyamula nawo nsalu ya mawu. Mawuwo sindinawaone bwino, koma mwana wanu anaisoka mowongoka.

Dzana masana mvula yoyamba inagwa, yamphamvu. Kanyerere atangomva pa malata anathamangira pansi pa bedi. Anaika ya pamutu, anaika ya pa makina, anaika beseni la pamiyendo, n'kukhala pakati kudikira. Anadikira. Kenaka anasuzumira mu ndowa, n'kuyang'ana kudenga, akuti, "Agogo, mvula yathu yapita kuti?" Mayi ake anaseka mpaka kugwa pa bedi, kenaka kusekako kunasanduka kwina, ine n'kutuluka kukayang'ana zovala zimene sindinayanike.

Chifuwa chayamba kuchepa. Kuchipatala akuti apitirize mankhwala, koma akugona osadzuka.

Ndibwera Loweruka, ndipo ndibwera ndekha. Ndikuuzeni zoona poti ndinu: kabedi kaja sindinakaitanitse chifukwa cha chifuwa chokha. M'nyumba mwathu munachita zii kuyambira pamene ana anachoka, ndipo ndinkafuna kumvanso wina akuba shuga. Mtima ukundipweteka kumusiya. Koma ndamuona pansi pa makina a mayi ake akutola tizidutswa, ndipo pamenepo ndiye pake.

Kabediko musakagulitse, adzagonapo pa holide. Satifiketi ndikubwera nayo, mukhome msomali pabalaza.

Ndipo tamverani, bambo. Mwana wanu wandiwerengera zimene munamulembera, zoti inunso mwalowa gulu, simusesa, mukudikira kuti ndidzaone nyumba yathu mmene ililimu. Zakusasesa zija zinali za a Meya. Inu musese.

Ndine mayi a ana anu.